Kudzoza Amayi mu Mpingo: Mafunso ndi Mayankho

Nkhani ya udindo wa amayi mu mpingo imabuka kawirikawiri mumzinda wa Lilongwe, chifukwa mipingo yosiyana ziphunzitso imapemphera moyandikana, ndipo m'banja limodzi mumatha kupezeka Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh-day Adventist ndi wa Pentekoste. Mtsikana wa ku Kawale kapena ku Chinsapo amene waona mayi akumangitsa ukwati kumpingo kwa mnzake amabwerera kwawo ndi funso, ndipo funso limenelo liyenera kuyankhidwa ndi zifukwa zomveka. Mayankho otsatirawa akufotokoza zimene mbali iliyonse imakhulupirira, ndipo pamene ine ndili ndi maganizo anga ndawanena poyera.

Kodi mkangano umenewu wagona pati kwenikweni?

Palibe mpingo wodziwika umene umaphunzitsa kuti mkazi ndi wochepa pamaso pa Mulungu. Yonse imawerenga Genesis 1:27, pamene akunena kuti mwamuna ndi mkazi analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo yonse imabatiza akazi ndi amuna ndi ubatizo umodzi. Kusiyana kumayamba tikafika pa udindo umene munthu amaulandira mwa kusanjikidwa manja: kulalikira ndi ulamuliro wa mpingo, kubatiza, kugawa Mgonero wa Ambuye kapena kutsogolera nsembe ya Misa, ndiponso kukhala m'bwalo loweruza milandu ya Akhristu.

Mpingo uliwonse uli ndi malire ake, koma malirewo sali pamalo amodzi. Kwina mayi amawerenga Mawu koma salalikira, kwina amalalikira pa tsiku la amayi ndi pa maliro koma sakhala mkulu wa mpingo, kwina amakhala mkulu wa mpingo koma sakhala mbusa. Choncho funso limene Mkhristu ayenera kufunsa mpingo wake ndi lakuti malire athu tinawaika pati, ndipo anawaika pamenepo ndi Malemba kapena chizolowezi?

Kodi mipingo imene ili mu Lilongwe ikuchita zotani pa nkhaniyi?

Mpingo wa CCAP suli ndi mchitidwe umodzi, popeza sinodi iliyonse imadziikira malamulo ake pa nkhani imeneyi. Sinodi ya Livingstonia inadzoza mbusa wake woyamba wamkazi, Abusa Martha Mwale, m'chaka cha 2000, ndipo Sinodi ya Blantyre inadzoza Abusa Edna Navaya m'chaka cha 2001. Sinodi ya Nkhoma, imene inachokera ku mishoni ya Dutch Reformed Church yomwe inayamba ku Mvera mu 1889, ndiponso imene ili ndi mipingo yambiri m'chigawo chapakati, sinatsegule khomo la ubusa kwa amayi pa nthawi imene masinodi awiriwo anatero. Popeza Sinodi ya Livingstonia ili ndi mipingo yake mumzinda muno, anthu a CCAP a mu Lilongwe amaona njira ziwirizi ndi maso awo. Mipingo imene inatumiza amishonale kuno inasintha kale: Church of Scotland inalola amayi kukhala abusa mu 1968, ndipo Dutch Reformed Church ya ku South Africa inatero mu 1990.

Mpingo wa Katolika sudzoza amayi kukhala ansembe kulikonse padziko lapansi, ndipo zimene zimachitika ku Maula ndi ku Likuni n'zimene zimachitika ku Rome. M'chaka cha 1994 Papa John Paul II analemba kalata yotchedwa Ordinatio Sacerdotalis, imene inanena kuti Mpingo ulibe mphamvu yopereka unsembe kwa amayi ndipo Akatolika onse agwire chiphunzitso chimenechi. Papa Francis sanasinthe zimenezo, ngakhale kuti mu 2021 analola kuti amayi aikidwe mwalamulo pa utumiki wowerenga Mawu ndi wotumikira pa guwa, ndipo anakhazikitsa makomiti awiri, mu 2016 ndi mu 2020, ofufuza za udikoni wa amayi.

Mpingo wa Anglican m'Malawi wakhala m'chigawo chimodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, ndipo chigawo chimenechi chinakana kudzoza amayi kwa zaka zambiri pamene zigawo zina zinali zitayamba kale. Mayi woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingowu padziko lonse anali Florence Li Tim-Oi mu 1944, Church of England inayamba mu 1994, ndipo Ellinah Wamukoya wa ku Swaziland anasankhidwa kukhala bishopu woyamba wamkazi wa mpingowu mu Africa mu 2012. M'chaka cha 2023 msonkhano wa chigawo cha Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana chija unavomereza kuti dayosizi imene yakonzeka ikhoza kudzoza amayi.

A Seventh-day Adventist anakambirana nkhaniyi pa misonkhano yawo ya dziko lonse mu 1990, mu 1995 ndi mu 2015. Pa msonkhano wa 2015 ku San Antonio, nthumwi 1,381 zinakana ndipo 977 zinavomera ganizo lakuti chigawo chilichonse chidzisankhire chokha. Mipingo yambiri ya Pentekoste ili ndi abusa ndi aneneri aakazi, ngakhale kuti mipando yapamwamba imakhalabe m'manja mwa abambo kawirikawiri.

Kodi amene amakana kudzoza amayi amaima pa Malemba ati?

Amaima makamaka pa makalata a Paulo. Pa 1 Timoteo 2:11-14 Paulo akunena kuti mkazi aphunzire mwachete, ndipo salola kuti aphunzitse kapena kulamulira mwamuna, napereka chifukwa chakuti Adamu ndiye anayamba kulengedwa ndipo Hava ndiye ananyengedwa. Pa 1 Akorinto 14:34-35 akunena kuti akazi akhale chete m'misonkhano ya mpingo. Pa 1 Timoteo 3:2 ndi pa Tito 1:6 woyang'anira mpingo akufotokozedwa kuti akhale mwamuna wa mkazi mmodzi. Amaonjezanso kuti ansembe onse a m'Chipangano Chakale anali amuna a banja la Aroni, kuti Yesu anasankha amuna khumi ndi awiri, ndiponso kuti mpingo unasunga mchitidwe umenewu kwa zaka pafupifupi 1,900.

Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti kufanana pa ulemerero sikutanthauza kufanana pa ntchito. Amati Mulungu anaika dongosolo pa chilengedwe, uchimo usanalowe, lakuti mwamuna asenze udindo wotsogolera m'banja ndi mu mpingo, ndipo mkazi akhale womuthandiza woyenerana naye monga pa Genesis 2:18. Kwa iwo, kusintha dongosolo limeneli chifukwa dziko lasintha ndiko kuyamba kusankha mavesi amene akutikomera, ndipo amaopa kuti mpingo umene wayamba kutero sudzadziwa polekezera.

Anthu amenewa asanenedwe kuti amadana ndi amayi. Ambiri mwa iwo ndi amayi okhaokha, ena ndi atsogoleri a mabungwe a amayi, ndipo amakana chifukwa choopa Mulungu. Wofuna kutsutsana nawo ayenera kutsegula Baibulo.

Nanga amene amavomereza amaima pati?

Amayamba ndi kuwerenga zimene amayi anachita m'Baibulo momwemo. Debora anali mneneri ndi woweruza Israeli, ndipo amuna ankapita kwa iye ndi milandu yawo (Oweruza 4:4-5). Buku la chilamulo litapezeka m'Kachisi m'masiku a mfumu Yosiya, mkulu wa ansembe Hilikiya ndi nduna za mfumu anapita kwa mneneri wamkazi Hulida kukafunsa mawu a Yehova, ngakhale kuti Yeremiya anali atayamba kale uneneri wake (2 Mafumu 22:14). Yesu atauka kwa akufa anatuma Mariya wa Magadala kukauza ophunzira ake uthenga umene uli maziko a ulaliki wonse wachikhristu (Yohane 20:17-18). Pa tsiku la Pentekoste Petro anatchula ulosi wa Yoweli wakuti ana aamuna ndi aakazi adzanenera, ndipo pa Machitidwe 21:9 tikumva za ana aakazi anayi a Filipo amene ankanenera.

Kenako amatsegula Aroma 16, mutu umene ambiri amaudumpha poyesa kuti ndi malonje chabe. M'menemo Paulo yemweyo akuyamikira Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, akutchula Priska ndi Akula monga antchito anzake amene mpingo unkasonkhana m'nyumba mwawo, ndipo akulonjera Androniko ndi Yuniya monga otchuka pakati pa atumwi. Otsutsa amati awiriwa ankangodziwika bwino kwa atumwi, koma mlaliki wakale John Chrysostom anamva kuti Yuniya anali mkazi ndipo anamuyamikira chifukwa chotchedwa mtumwi. Utumiki wa madikoni aakazi unapitirira mu mpingo wakale, kotero kuti msonkhano wa ku Chalcedon wa m'chaka cha 451 unaika lamulo lakuti mkazi asasanjikidwe manja pa udindowu asanakwanitse zaka 40.

Pamwamba pa zonsezi amaika Agalatiya 3:28, pamene akunena kuti mwa Khristu mulibe Myuda kapena Mhelene, kapolo kapena mfulu, mwamuna kapena mkazi. Otsutsa amayankha kuti vesili likunena za chipulumutso, osati za maudindo. Yankho limenelo lili ndi mbali yoona, koma Paulo sanalole kuti umodzi wa Myuda ndi Mhelene uthere mumtima mokha, pakuti anadzudzula Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya chifukwa chosiya kudya pamodzi ndi amitundu.

Kodi mawu akuti mkazi akhale chete tiwamve bwanji?

Palibe mpingo mu Lilongwe umene umatsata mawuwa monga alembedwera popanda kuwamasulira. Ukanakhalapo, amayi sakanaimba m'kwaya, sakanapemphera mokweza pa mlaga kapena pa mphakati, sakanaphunzitsa Sande sukulu, ndipo sakanayambitsa nyimbo pa siwa. Paulo yemweyo, pa 1 Akorinto 11:5, akulangiza za kavalidwe ka mkazi pamene akupemphera kapena kunenera mu msonkhano, zimene zikusonyeza kuti akazi ankalankhula. M'mutu 14 akulamula magulu atatu kukhala chete: wolankhula malilime popanda womasulira, mneneri pamene mnzake walandira vumbulutso, ndi akazi amene ali ndi mafunso oti akafunse amuna awo kunyumba. Nkhawa yake m'mutu wonsewo ndi chisokonezo pa nthawi ya mapemphero.

Vesi lovuta kwambiri ndi 1 Timoteo 2:12, ndipo ovomereza kudzoza amayi asalipeputse. Amalifotokoza ponena kuti Timoteo anasiyidwa ku Efeso kuti aletse aphunzitsi onyenga (1 Timoteo 1:3), kuti aphunzitsi otere ankalowa m'nyumba ndi kukopa akazi (2 Timoteo 3:6), ndipo kuti Paulo analamula akaziwo kuyamba aphunzira asanaphunzitse. Amakumbutsanso kuti ku Efeso komweko Priskila (Priska uja) ndi mwamuna wake Akula anamutenga Apolo, munthu wodziwa Malemba, namufotokozera njira ya Mulungu molondola (Machitidwe 18:26).

Otsutsa amayankha kuti Paulo sanatchule mavuto a ku Efeso monga chifukwa chake, koma anatchula Adamu ndi Hava, ndipo chimene chazikidwa pa chilengedwe sichitha ndi nthawi. Imeneyi ndiyo mfundo yawo yolimba koposa zonse. Komabe pa 1 Akorinto 11 Paulo akugwiritsanso ntchito nkhani ya chilengedwe polamula akazi kufunda kumutu, ndipo mipingo yambiri imene imakana kudzoza amayi siichotsa mu mpingo mayi wolowa m'tchalitchi wopanda duku. M'mutu womwewo wa 1 Timoteo 2 muli lamulo loletsa tsitsi loluka, golide ndi zovala za mtengo wapatali, muli lamulo lakuti amuna apemphere atakweza manja, mulinso mawu akuti mkazi adzapulumuka mwa kubala ana, amene palibe mbusa angawalalikire monga alili kwa mayi wosabereka. Ngati mavesi atatu a ndime imodzi tikuwamasulira poyang'ana nthawi ndi malo, tiyenera kufotokoza chifukwa chimene vesi limodzi lokha talipatula kuti likhale lamulo la muyaya.

Pa chifukwa chimenechi ine ndimaona kuti Malemba saletsa mayi woitanidwa ndi wophunzitsidwa bwino kukhala mbusa. Ndimalemekeza amene awerenga mavesi omwewa nafika pa yankho lina, malinga ngati nawonso avomereza kuti akumasulira.

N'chifukwa chiyani Yesu sanasankhe mkazi pakati pa atumwi khumi ndi awiri?

Funso limeneli ndi lofunika kwambiri kwa Akatolika, amene chiphunzitso chawo sichidalira kwenikweni mavesi onena za kukhala chete. Iwo amati Yesu sankaopa miyambo ya nthawi yake, pakuti analankhula ndi mayi wa ku Samariya pachitsime, analola Mariya wa ku Betaniya kukhala pamapazi ake monga wophunzira, ndipo anayenda ndi amayi amene ankamutumikira ndi chuma chawo (Luka 8:1-3). Ngati munthu womasuka chotere anasankha amuna okha, osaikapo ngakhale Mariya amayi ake, ndiye kuti anachita dala, ndipo Mpingo ulibe mphamvu yosintha. Amanenanso kuti wansembe pa guwa amaimira Khristu, amene ndi mkwati wa Mpingo.

Ovomereza amayankha kuti khumi ndi awiriwo ankaimira ana aamuna khumi ndi awiri a Yakobo, monga chizindikiro cha Israeli watsopano, ndipo onse anali Ayuda. Mpingo sunaone Chiyuda chawo monga lamulo, apo ayi Mchewa sakanakhala wansembe ngakhale mbusa. Kwa Apresibeteriya ndi ena amene saona mbusa monga wopereka nsembe koma monga mtumiki wa Mawu ndi masakramenti, mfundo yoimira mkwati ilibe mphamvu yofanana ndi imene ili nayo kwa Akatolika, ndipo n'kulakwa kuibwereka popanda chiphunzitso cha unsembe chimene chimaichirikiza.

Kodi nkhani imeneyi si yochokera kwa azungu, yotsutsana ndi chikhalidwe chathu?

Mawu amenewa amamveka kwambiri, koma mbiri ya dera lathu lino siigwirizana nawo. Kachisi wamkulu wa mvula wa Achewa anali ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama m'boma lomwe lino la Lilongwe, ndipo mtsogoleri wake anali mkazi, Makewana, amene mafumu ankatumiza nthumwi kwa iye pa nthawi ya chilala. Anamkungwi anali ndi ulamuliro pa chinamwali, umene ngakhale mfumu inkaulemekeza. Mtundu umawerengedwa kuchokera kwa mayi, munda umayenda m'mbumba, ndipo pa chikamwini mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Tisakokomeze, pakuti mphamvu zambiri zinali m'manja mwa atsibweni monga eni mbumba, ndipo miyambo ina inkapondereza atsikana. Koma kunena kuti makolo athu sankadziwa mkazi wotsogolera pa zachipembedzo n'kusanena zoona.

Amishonale ndiwo anabwera ndi dongosolo limene maudindo onse odzozedwa anali a amuna, popeza kwawo ku Scotland ndi ku South Africa zinali choncho pa nthawiyo. Mu Sinodi ya Nkhoma chinamwali chinalowedwa m'malo ndi chilangizo, ndipo ntchito ya anamkungwi inapita kwa alangizi, amene ankaigwira pansi pa bwalo la akulu ampingo aamuna. A Isabel Apawo Phiri, katswiri wa zaumulungu wa ku Malawi amene anadzagwira ntchito pa udindo waukulu ku World Council of Churches, anafufuza mbiri imeneyi ya amayi Achichewa ndi kuisindikiza mu 1997.

Ndiponso amene anakankha nkhaniyi m'dziko muno anali amayi Achimalawi. M'chaka cha 1995 amayi ogwira ntchito mu Sinodi ya Blantyre anayenda ulendo wa pamodzi kukapereka chikalata cha madandaulo kwa atsogoleri a sinodi, ndipo mwa zina anapempha kuti amayi aziloledwa kudzozedwa. Anaimitsidwa ntchito chifukwa cha zimenezo, koma patapita zaka zisanu ndi chimodzi sinodi yomweyo inadzoza mayi.

Mwambo wa ku Msinja sungatiuze chimene mpingo wa Khristu uyenera kuchita, monganso lamulo la boma la Gender Equality Act silingatiuze. Chimene mbiriyi ikuchita ndi kuchotsa chifukwa chimodzi chabodza, kuti mkangano ubwerere pa Malemba.

Kodi mayi amene ali kumwezi angayandikire gome la Mgonero?

Funso limeneli silifunsidwa pa msonkhano wa sinodi, koma limanong'onedwa, ndipo kwa anthu ena ndilo chifukwa chenicheni chokanira. Limachokera mbali ziwiri: malamulo a pa Levitiko 15, ndi mwambo wa mdulo umene umaletsa mayi wotere kuthira mchere m'ndiwo. Levitiko 15 yemweyo amanenanso kuti mwamuna ndi wodetsedwa chifukwa cha zotuluka m'thupi mwake, ndipo Levitiko 21 amaletsa wolumala kupereka nsembe, koma palibe mpingo umene umatsata zimenezo posankha abusa. Mayi amene anadwala nthenda yotaya magazi kwa zaka khumi ndi ziwiri anakhudza chovala cha Yesu, ndipo Yesu anamutcha mwana wake namuyamikira chifukwa cha chikhulupiriro (Marko 5:25-34). Ngakhale kalata ya Papa ya 1994 siitchula kudetsedwa monga chifukwa. Ganizo limeneli liyenera kukanidwa ndi mbali zonse ziwiri, chifukwa limachititsa atsikana kuchita manyazi ndi thupi limene Mulungu anawapatsa.

Ngati mwamuna ndiye mutu wa banja, mkazi angakhale bwanji mbusa wa mwamuna wake?

Pa Aefeso 5:22-24 akazi akuuzidwa kugonjera amuna awo, ndipo mavesi amenewa amawerengedwa pa maukwati ambiri mumzinda muno. Vesi 21, limene limauza Akhristu onse kugonjerana mwa kuopa Khristu, ndi vesi 25, limene limauza mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu anadzipereka yekha chifukwa cha mpingo, sawerengedwa ndi mphamvu yofanana. Akhristu amasiyana pa tanthauzo la umutu: ena amati mwamuna ali ndi mawu otsiriza pamene awiriwo alephera kugwirizana, ena amati ndi udindo woyamba kutumikira ndi kudzipereka.

Pali Akhristu ambiri amene amakhulupirira umutu wa mwamuna m'banja koma amavomereza mbusa wamkazi, ponena kuti Paulo akulankhula za mkazi ndi mwamuna wake, osati za mkazi aliyense ndi mwamuna aliyense. Mbusa wamwamuna amene bambo ake omubereka ali mu mpingo wake amawapatsa Mgonero Lamulungu, ndipo kunyumba amawalemekeza monga mwana. Udindo wa pa gome suchotsa ulemu wa pakhomo.

Chimene mbali zonse ziyenera kunena mosabisa n'chakuti umutu si chilolezo cha nkhanza. Amayi ambiri amene afika kwa ankhoswe kapena kwa akulu ampingo ali ndi mabala auzidwa kuti banja ndi kupirira, nabwezedwa kunyumba kumene moyo wawo uli pa ngozi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Bwalo la mpingo limene muli amuna okha limavutika kumva nkhani zotere, chifukwa mayi wogwiriridwa kapena womenyedwa samasuka kufotokoza zonse pamaso pa abambo okhaokha, ndipo chimenechi pachokha ndi chifukwa chokwanira chakuti amayi akhale m'mabwalo amenewa.

Amayi ali ndi mabungwe awo. Kodi zimenezo sizokwanira?

Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma, chimene chakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1940, Mvano mu Sinodi ya Blantyre, Umanyano mu Sinodi ya Livingstonia, Mothers' Union ku Anglican, amayi a Dorika ndi bungwe la Amayi Achikatolika ndiwo amagwira ntchito yaikulu ya ubusa imene Mkhristu wamba amaiona. Ndiwo amazonda odwala m'zipatala, amagona pa siwa, amalangiza anamwali ndi olowa m'banja, amaphikira alendo a msonkhano, ndipo m'misonkhano yawo amalalikira mwaluso. Masisitere akhala akuyendetsa masukulu ndi zipatala kwa mibadwo ingapo. Kumidzi, kumene mbusa kapena wansembe mmodzi amayang'anira nthambi zambiri ndipo amafika mwa apo ndi apo, mpingo umakhala wamoyo chifukwa cha anthu amenewa.

Otsutsa kudzoza amati umenewu ndi umboni wakuti mayi safunika kolala kuti atumikire Mulungu, ndipo pamenepa akunena zoona. Vuto ndi lakuti malamulo okhudza amayiwo, ndalama zimene asonkha, ndi milandu ya ana awo zimagamulidwa m'zipinda zimene iwo salowamo. Palinso chizolowezi chakuti utsogoleri wa amayi uperekedwe kwa amayi busa chifukwa cha ukwati wawo, pamene mayi amene anaphunzira zaumulungu kwa zaka zingapo alibe malo odziwika. Mpingo umene watsimikiza kuti sudzadzoza amayi ukhozabe kukonza zimenezi popanda kuphwanya chiphunzitso chake, powaika m'makomiti a chuma, a maphunziro ndi a chilango, ndi powalipira moyenera akagwira ntchito ya mpingo tsiku lonse.

Kodi malamulo a dziko angakakamize mpingo kudzoza amayi?

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho, kuphatikizapo losala munthu chifukwa ndi mkazi, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa chipembedzo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linaika mlingo wakuti pa ntchito za boma amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa anthu 100 alionse, koma mlingo umenewo ndi wa ntchito za boma. Kusankha amene adzozedwe ndi nkhani ya chiphunzitso, ndipo nkoyenera kuti mpingo uigamule wokha. Kudzoza kochitika chifukwa choopa boma kapena mabungwe opereka thandizo kungaike mayi pa gome limene Akhristu ake sakumulandira.

Mtsikana amene akumva kuitanidwa, koma mpingo wake sudzoza amayi, achite chiyani?

Ayambe ndi kufotokozera abusa ake ndi akulu ampingo, chifukwa maitanidwe amayesedwa ndi mpingo, kaya ndi a mwamuna kapena a mkazi. Aphunzire zaumulungu mozama ngati mwayi ulipo. Maphunzirowa amapezeka ku Zomba Theological University, ku University of Malawi, ku Mzuzu University ndi ku African Bible College muno mu Lilongwe, ndipo a bungwe la TEEM (Theological Education by Extension in Malawi) amaphunzitsa anthu ali kwawo. Agwire ntchito iliyonse yophunzitsa imene yatseguka, pakuti amayi amene anadzozedwa mu 2000 ndi mu 2001 anapeza njira itakonzedwa ndi anzawo amene anaphunzira ndi kutumikira zaka zambiri popanda kolala.

Mu mpingo wa Chipresibeteriya muli njira yosinthira lamulo: nkhani imayambira ku bwalo la akulu ampingo, imapita ku presibitale, kenako ku sinodi, ndipo imafunika abusa ndi akulu ampingo oti aiyankhulire. Kwa Mkatolika njira yotere kulibe pa nkhani ya unsembe, ndipo n'kumunamiza kumuuza kuti adikire pang'ono. Zimene zili zotseguka ndi ukatekisiti, moyo wa usisitere, uphunzitsi wa zaumulungu ndi utsogoleri wa mphakati. Ena amasankha kusamukira ku mpingo umene ungawadzoze. Chisankho chimenecho n'cholemera, chifukwa chimakhudza makolo, banja ndi chiphunzitso chonse cha mpingo watsopanowo, choncho munthu asasamuke asanawerenge zimene mpingowo umakhulupirira pa ubatizo, pa Mgonero ndi pa ulamuliro.

Akulu ampingo amene mtsikanayo wawafikira asamuseke kapena kumuuza kuti ayambe wapeza banja. Amutsegulire Baibulo ndi buku la malamulo a mpingo, amusonyeze pamene malire alembedwa ndi chifukwa chake, ndipo amuuze ntchito yophunzitsa imene angayambe kuigwira mwezi womwewo.